Ulusi pa Mchira wa Nkhosa

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Bambo mwendo uja ukuwapeza bwanji, mankhwala akumwa kapena akuwabisabe pansi pa pilo? Mayi, alamu ndi tiana tanu ndikhulupirira nonse mwadzuka. Ine kuno ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndinama.

Funso lanu la dzulo pafoni lija, loti bwanji ndikuyankhula ngati ndili ndi mbatata yamoto m'kamwa, ndikuyankha pano. Si netiweki inadula foni ayi, ndinadula ndine. Mlomo wanga wam'munsi ausoka, masitichi asanu, ndipo dzino limodzi lakutsogolo ndinalisiya pamsika. Wailesi yanu ija yazima, achemwali. N'chifukwa chake ndagwira cholembera, ndipo kalatayi ndiipatsira kondakitala wa basi ya mawa m'mawa.

Ndiyambe ndi pempho, mwina mungatope musanafike kumapeto. Ndikufuna mpeni wa bambo. Eee, womwe uja wa chigwiriro cha nyanga, wokulungidwa m'nsalu yofiira pamwamba pa kabati. Ufike kuno ndi basi ya Lachitatu. Pali mdala wina amene watsala pang'ono kutaya benchi lake la nyama lomwe wakhalapo zaka makumi awiri, ndipo womutayitsa ndine. Musakuwe kaye. Khalani pansi ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti ntchito yanga pa lesitilanti ija inali yogula zinthu za kukhitchini. Lolemba Ashefu, mkulu wa ophika, anandiitana. Akuti pali bwana wina wasungitsa matebulo onse Loweruka, ndipo akufuna nyama ya nkhosa yanthete, osati mbuzi, osati ng'ombe. Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndimvekere, Ashefu musade nkhawa, ine ndine mwana wa butchala, ndinakwawira pansi pa ngowe za nyama, nkhosa ndimaidziwa ngakhale mutandimanga m'maso.

Achemwali, mzinda uno ndi waukulu koma nkhosa mulibe. Muli anthu onena kuti ali ndi nkhosa, basi.

Tsiku lomwelo ndinapita kumsika waukulu, kumzere wa nyama. Woyamba kundikola anali chimnyamata china chodzitukumula, ndimutche Magalasi, poti amavala magalasi akuda ngakhale m'shedimo dzuwa sililowa. Amvekere, sisi wanga wokongola, iyi dzulo lomweli imayamwa kwa mayi wake, ndakusungira iweyo. Ntchafu anali ataikulunga kale m'jumbo. Ine changu, osatsegula n'komwe, ulendo.

Ashefu anangonunkhiza kamodzi, ntchafu yonse ija n'kundigenda nayo pachifuwa, phwa! Akuti uyu ndi tonde, tonde weniweni wa zidzukulu, kodi abambo ako ankagulitsa nyama kapena makala? Khitchini yonse kuseka. Nditabwerera nayo kwa Magalasi, iye anangotenga chikwanje n'kuchikhoma pa chipika, khu! pafupi penipeni ndi zala zanga. Akuti nyama ikachoka pano sibwerera, ndipo ndikapitiriza phokoso zala zangazo azikoloweka pa ngowe azigulitse ngati soseji.

Lachiwiri ndinapita m'sitolo yaikulu ya mafiriji. Nyama yake youma gwa ngati njerwa, yotuwa, yosadziwika kuti inafa chaka chiti. Itasungunuka, theka linali madzi. Lachitatu ndinakwera maminibasi atatu mpaka kutsidya kwa mzinda, n'kubwerako ndi nkhosa inde, koma nkhalamba, mafuta achikasu, fungo ngati bulangete lonyowa. Ashefu anaiphika maola anayi, ikutafunikabe ngati tayala. Chivundikiro cha poto chinauluka, ine zyoli, icho n'kukaboola galasi la chitseko. Akuti Lachisanu masana ndikapanda kubwera ndi nkhosa yeniyeni, epuloni ndiisiye pa msomali ndisadzapondenso.

Lachinayi madzulo ndinakhala pa bedi n'kuyamba kukumbukira sukulu ya bambo. Inu simungaikumbukire bwino, paja mukangoona magazi munkathawira kuseri kwa nyumba. Ine ndinkakhala pa ndowa ndikuonerera. Ankati nkhosa ili ndi mboni zitatu. Yoyamba mchira: wa mbuzi ndi kafupi kowonda, wa nkhosa ndi wotambalala, wamafuta, wolendewera, koma chenjera, akathyali amasokerera mchira wa nkhosa pa mbuzi, ndiye uziutukula uone ngati pali ulusi. Yachiwiri mafuta: oyera mbee, olimba, ukawafinya amanyenyeka ngati kandulo. Yachitatu fupa: ukathyola mwendo wakutsogolo pamfundo ya m'munsi, wa nkhosa yanthete umathyoka mofiira, monyowa, uli ndi timano ngati sowo. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti iwe Wailesi, usatsegule pakamwa mboni zonse zitatu zisanayankhule.

Mawu amenewo muwasunge, achemwali. Ine sindinawasunge.

Mayi wotsuka mbale kuntchito ndi amene ananditsina khutu. Akuti kumzere womwe uja wa nyama, kumapeto kwenikweni pafupi ndi mpopi, kuli mdala amamutcha Zala Zinayi, poti chala chimodzi chinatsalira pa chipika kalekale. Saitanira makasitomala, alibe chikwangwani, koma nkhosa yake akuti ungaidye ndi nkhama zokha.

Lachisanu cha m'ma teni koloko ndinali pamenepo. Benchi loyera, lopaka laimu, utuchi watsopano pansi, ntchentche ziwiri zokha, nazonso zooneka zamanyazi. Mipeni ataiyala pa nsalu kuyambira waung'ono mpaka waukulu. Nkhosa zitatu zathunthu zili lende pa ngowe, chidindo chofiirira pa ntchafu. Mdala mwiniwake wamfupi, kachipewa koyera, akunola mpeni mwakachetechete. Amvekere, takulandirani mwana wanga, yang'anani kaye, kugula n'komalizira.

Ndinatukula mchira wa yoyamba.

Ulusi, achemwali. Ulusi woyera, timasitichi tating'ono taudongo ngati ta telala wa masuti. Ndinatukula wachiwiri, ulusi. Wachitatu, ulusi.

Mutu unangoti waa! Ntchafu ija ya pachifuwa, chikwanje cha Magalasi, chivundikiro cha poto, kuseka kwa khitchini yonse, zonse zinabwera nthawi imodzi. Mafuta sindinawakhudze. Fupa sindinaliganize n'komwe. Ndinakoka mchira uja mpaka ulusi unaduka, n'kuukweza m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu anga onse aja mumati amadzutsa akufa. Ndimvekere, wakuba! Abale bwerani mudzaone, akusoka michira! Kaya ndi mbuzi kaya ndi agalu akutidyetsa nkhalamba iyi!

Mawu oti agaluwo sindikudziwa anachokera kuti. Anangotuluka.

Mdala anatambasula dzanja, akuti mwana wanga dikirani ndifotokoze. Sanafike pa mawu achiwiri. Woyamba kufika anali Magalasi, atalumpha mabenchi awiri, mwala wa sikelo uli m'manja. Anamumenya nawo mdala pa tsaya, thi! kachipewa kuja n'kugwera mu ndowa ya magazi. Amvekere, ndimanena ine, mfiti iyi imatilanda makasitomala ndi nyama ya galu! Tangoganizani, munthu amene anandigulitsa tonde Lolemba, lero ndiye woweruza.

Kenako msika wonse unakhuthukira pamenepo. Onyamula katundu, a njinga, ogulitsa matumba, ngakhale azimayi ovala bwino amene anabwera kudzagula chiwindi. Wina ndi thabwa la kireti, wina ndi chitsulo chotsegulira shedi, wina ndi nsapato yake yomwe. Ambiri sankadziwa n'komwe chalakwika, ankangofunsa akumenya, wabanji, wabanji? Mdala anagwa chagada pa utuchi, anthu n'kumamuponda ngati akuzima moto. Anakweza mkono kuti ateteze mutu, chitsulo chija n'kutera pomwepo. Phokoso lake ndinalimva, achemwali, khwa! ngati nkhuni youma. Ndakulira pa mafupa othyoka ine, koma limenelo silikuchoka m'makutu.

Ena anali kalikiliki kulanda. Mipeni ija inatha ngati mchere m'madzi. Sikelo inapita. Nkhosa ziwiri zinatuluka pa mapewa a anthu omwe aja amati ndi agalu. Kumbuyo wina anayamba kukuwa zoti abweretse tayala ndi petulo, ndipo ndinaona ndi maso anga tayala likugubuduzika kuchokera kokwerera njinga.

Nkhosa yachitatu anaikoka anthu awiri, wina uku wina uko, mwendo wakutsogolo n'kuthyoka, n'kugwera pa phazi langa. Ndinautola. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina manja anakumbukira zimene mutu unaiwala.

Fupa lofiira psuu. Lonyowa. Timano take ndondondo ngati sowo. Ndinafinya mafuta, ananyenyeka m'zala ngati kandulo.

Inali nkhosa, achemwali. Nkhosa yanthete yosakwana n'chaka chomwe, yabwino kuposa iliyonse imene bambo anakolowekapo.

Ndinakuwa kuti siyani, ndalakwitsa ndine, ndi nkhosa! Ndani amve? Pakamwa pomwe paja panasonkhanitsa msika wonse, tsopano panalibe ndi mmodzi yemwe wotembenuka. Ndinakoka Magalasi malaya, iye osacheuka n'komwe, chigongono pakamwa panga. Dzino linapita pamenepo. Nditaona tayala lafika, ndinangodziponya pamwamba pa mdala uja n'kumukumbatira mutu. Thabwa linandipeza pamsana kawiri, nsapato ya munthu n'kundimalizira mlomo. Ndinamva fungo la petulo. Ndinati basi, amayi akalandira makala.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wa benchi loyandikana, wogulitsa anyezi ndi tsabola wogaya, chimayi cha mikono ngati mitondo. Anakwera pa benchi lake, beseni lonse la tsabola m'manja, n'kuliwaza pa chigulu chonsecho ngati akufesa. Abale! Anthu kutsokomola, kuyetsemula, kulira, kugundana mitu pofuna mpopi. Wa petulo uja anataya botolo n'kumatikita m'maso akuitana amake. Alonda a msika ndi malikhweru awo anafika nkhondo itatha, monga mwa masiku onse.

Mayi uja anatsika, anandidzutsa bwinobwino, anandiyang'ana ngati ndili moyo, kenako mbama! Pa tsaya losatupa. Amvekere, iwe kamtsikana ka sukulu, ukudziwa chimene wachita?

Anandifotokozera tili kumbuyo kwa kalole kopita kuchipatala, mutu wa mdala uli pa miyendo yake. Akuti kophera nyama kwa mzinda uno makina amadula mutu, ziboda ndi mchira nyama isanadindidwe. Mabutchala ena onse amangotenga choncho. Koma makasitomala a mdalayu ndi anthu okulira ku ziweto, anthu ngati bambo, amene nyama yopanda mchira saikhulupirira. Ndiye iye amapita yekha kukasankha nkhosa zili zamoyo, amaziyang'ana mano, amaima pa makina mpaka zitatuluka, amatola mchira wa iliyonse n'kuusokerera pa mwini wake, osasinthanitsa. Zaka zonsezi. Mzere wonse wa nyama ukudziwa zimenezi, ndi Magalasi yemwe. Amangodikira chitsiru choti chikuwe.

Chitsirucho chinabwera pa minibasi, chitavala epuloni ya lesitilanti.

Kuntchito sindinapitenso tsiku limenelo. Loweruka m'mawa ndinakapachika epuloni pa msomali ndekha. Ashefu atandiona nkhope anatsitsa poto amene anali atanyamula, ndipo kwa nthawi yoyamba sanagende kanthu.

Masana ake, dzulo lomweli, ndinapita ku wodi kukaona mdala. Ndinazungulira khomo katatu ndisanalowe. Mkono wamanja aumanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka paphewa, wathyoka pawiri. Nthiti zitatu. Diso limodzi latsekeka, lakuda bii. Adokotala akuti miyezi itatu asanyamule ngakhale kapu ya tiyi.

Ndinagwada pambali pa bedi, malovu okhaokha ndi misozi. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi lija. Kenako anafunsa kuti anandiphunzitsa kutukula mchira ndani, poti zaka makumi awiri palibe kasitomala anaonapo ulusi wake. Ndinati bambo anga, anali butchala. Akuti ndiye anakuphunzitsani theka la phunziro. Ndinati ayi, anandiphunzitsa lonse, mboni zitatu, koma ine ndinamva imodzi n'kuthamangira kukaweruza.

Kenako analoza pakamwa panga ndi zala zake zinayi zija, amvekere, nanga mlomo wanuwo, ndikuona ausoka ndi ulusi. Ndiye kuti si wanu?

Achemwali, ndinalira mpaka namwino anabwera kudzandiopseza kuti anditulutsa atandigwira khutu. Mdala akufuna kuseka, nthiti zikumukaniza.

Tsopano nkhani ndi iyi. Lamulo la msika likuti benchi likakhala lotseka masiku asanu ndi awiri, amapatsa wina. Lachisanu likubwerali ndiye tsiku lomaliza. Mayi wa tsabola akuti Magalasi wayamba kale kuliyeza ndi chingwe, akuti aikapo mphwake. Mdala alibe mwana kuno, mkazi wake anamwalira, benchilo ndiye munda wake, ndiye nyumba yake.

Ndinamuuza kuti nditsegula ndine. Anandiyang'ana manja, anawatembenuza uku ndi uku ngati akugula, n'kufunsa ngati ndinayamba ndagawapo nkhosa yathunthu. Ndinafuna kunena kuti ndinakwawira pansi pa ngowe, koma masitichi anandikoka. Ndinati ayi, ndinkangoonerera ndili pa ndowa. Akuti chabwino, iye adzakhala pa mpando ndi chikhakha chake, pakamwa padzakhala pake, manja adzakhala anga, ndipo tsiku limene ndidzayankhule kasitomala asanamalize kuyang'ana, adzandimenya ndi chikhakhacho. Kuchipatala amutulutsa Lachitatu. Lachinayi m'mamawa tikupita limodzi kokasankha nkhosa, ndipo singano akuti ndidzagwira ndine.

Mayi wa tsabola wapeza sowo ndi sikelo yobwereka kwa mlamu wake. Chatsala ndi mpeni. Mudzati bwanji osangogula m'sitolo. Lero ndinapita ndi wina wa m'sitolo kuchipatala, mdala anaugogoda pa chitsulo cha bedi, anamvetsera kulira kwake, akuti uwu ukasendere mbatata. Koma ndisakunamizeni, achemwali, nkhani si chitsulo chokha. Ndikuopa. Lachinayi ndikaima pa mzere womwe uja, Magalasi ali mabenchi awiri kuchokera pa ine, anthu onse amene anaponda mdala akudutsa n'kumandiloza. Ndikufuna m'manja mwanga mukhale chinthu chimene chinagwirapo ntchito iyi moona.

Ndikudziwa kuti mpeni umenewo bambo sanalolepo munthu kuukhudza, ngakhale mayi pa tsiku la alendo. Ndikudziwa ankausungira achimwene, amene anasankha choko ndi bolodi. Musaube, chonde, musautenge akugona. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha, ngakhale paja pa agalu. Akafuna kunditukwana muwasiye atukwane, mundilembere zonse, ndizilandira. Akakana musawakakamize. Ndidzatsegulabe benchilo ndi wosendera mbatata uja.

Koma ndikuwadziwa bambo. Sadzafunsa za dzino langa, sadzafunsa za ntchito. Adzasisita bondo, kenako adzafunsa kuti fupalo linali lotani. Muwauze kuti linali lofiira, lonyowa, timano tonse tili pompo. Adzadziwa okha kukula kwa chimene ndachita, ndi mtundu wa munthu amene ndamuchitira.

Mayi muwauze pang'onopang'ono, muyambe ndi zoti ndikudya. Alamu muwapatse moni, muwauze aseke za dzinoli panopa amalize, ndisadzawapeze akusekabe. Tiana tanu mutipsompsone, mutiuze kuti amayi awo aang'ono tsopano akuimba likhweru osafuna. Zimene anachita bwana wa matebulo uja atapeza nkhuku m'malo mwa nkhosa, zimenezo zikufuna pakamwa, zidikire achotse ulusi.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo mdalayu mumuike m'mapemphero, dzina lake lenileni sindinalimbe mtima kufunsa koma Mwiniwake akumudziwa.

Lachitatu ndidzakhala pa depoti basi isanafike. Sindidzayang'ana nkhope za otsika. Ndidzayang'ana m'manja mwa kondakitala ngati muli nsalu yofiira.

Ndine mng'ono wanu,
Wailesi